Chipinda cha Gulu Lachiwiri

Mimba yanga yoyamba inapita padera ndili kwathu, kuseri kwa Ulongwe. Nditangoizindikira chimwemwe chinandipitirira, ndinauza anzanga awiri pamjigo, ndipo mwezi sunathe. Amayi sanandikalipire pomwepo. Anadikira kuti ndichire, kenako anandikhazika pansi kuseri kwa nyumba.

"Ina ikadzabwera, Inshallah, pakamwa pako pakhale potseka mpaka ndikuone ine ndi maso angawa. Ngakhale mwamuna wako aone yekha. Wamva?"

Ndinati ndamva. Anati ndibwereze mawu awowo, ndinabwereza.

Amuna anga a Jafali anali kale ku Joni, ku Durban, akugwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Atanditumizira uthenga kuti ndiwatsatire ndinanyamuka ndi transipota, mmodzi wa anthu aja amene amatenga katundu ndi anthu kupita nawo kumeneko. Za ulendowo ndimakumbukira mapazi otupa ndi thumba la mpunga wa eniake limene ndinalifungatira kuyambira ku Mwanza mpaka kudutsa Zimbabwe. Tinafikira m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi makatani, mabanja anayi. Wina akatsokomola tonse tinkatembenuka. Nyanja yamchere imene anthu amaitchula ija ndinaiona kamodzi basi, pawindo la minibasi.

Ntchito anandipezera Patuma. Anali wa ku Nayuchi, wamkulu kwa ine, wa pakamwa posapuma, ndipo katani yake inali yoyandikana ndi yathu. Ankakolopa pa chipatala china cholipira kudzera ku kampani yotolera anthu okolopa. Mbali imene anatiika ife inali kumapeto kwenikweni kwa khonde, kumene odwala amabayidwa kapena kumwetsedwa mankhwala otulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Ena amawapatsa kuti makina aone za m'kati mwa thupi, ena kuti mankhwalawo aphe matenda a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja. Anzathu a mbali zina ankakana kupitako. Ife tinalibe mapepala okwanira oti n'kumasankha.

Woyang'anira za chitetezo kumeneko anali mmwenye wokalamba, wa mawondo ovuta, amene Patuma anamutcha Che Magalasi. Ankayenda ndi kachipangizo kam'manja kamene kakayandikira cheza kankathetheka ngati chimanga chokazinga. Wokolopa watsopano aliyense ankamuphunzitsa iwo okha, osatuma munthu. Tsiku langa loyamba anatikhazika pa benchi, iwo akulankhula Chingerezi pang'onopang'ono, Patuma akundimasulira m'Chiyao n'kumathiramo zakezake.

Anayamba ndi zakale. Anati azungu atangotulukira chinthu chotchedwa rediyamu ankachiyesa mankhwala a moyo. Ankachithira m'madzi akumwa ndi m'mafuta odzola. Atsikana a m'mafakitale ankapenta nacho manambala a mawotchi kuti aziwala mumdima, ndipo kaburashi kakaphwanyuka ankakasongola ndi milomo. Patapita zaka mano anayamba kugweruka, nsagwada kuwola.

Ndinafunsa kudzera mwa Patuma ngati panalibe wowauza.

"Ena sankadziwa," anatero Che Magalasi. "Ena ankadziwa koma anakhala chete."

Anati zitachitika zoterozo, anthu ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana anakhala pansi kuti asanje zinthuzi m'magulu. Sanasanje potengera mmene kachipangizo kakulirira ayi, koma potengera chimene chinthucho chimachita chikalowa m'thupi: chimathamangira kuti, nanga chimakhalamo nthawi yotalika bwanji. Anasanja, anatsutsana, n'kusanjanso. Zina zinasamutsidwa gulu anthu atazidziwa bwino. Masiku ano achinyamata ali ndi nambala ya chinthu chilichonse mu kompyuta, koma iwo anasunga magulu anayi akale aja n'kumata manambala ake pazitseko, chifukwa munthu wogwira mopu alibe nthawi yofunsa kompyuta.

Gulu loyamba linali la rediyamu ndi anzake. Chipatalacho chinali chitasiya kalekale kuigwiritsa ntchito, koma iwo ankayambirabe pamenepo. Imalowa m'mafupa ndipo munthu amafa nayo.

"Akuti ameneyu ndi apongozi," anatero Patuma. "Akalowa m'nyumba satulukanso."

Gulu lachinayi linali la mankhwala obayira odwala ofuna kujambulidwa, amene mphamvu yake imatha yokha tsiku limodzi kapena awiri. Lachitatu silinkabwera kawirikawiri. Lachiwiri ndilo anakhalapo nthawi yaitali akufotokoza. Munali ayodini wa cheza, wosiyana ndi uja wa mumchere. Wodwala akameza kapisozi wake ankatsekeredwa m'chipinda chayekha masiku angapo, chifukwa ayodiniyo amatuluka m'thukuta, m'malovu, mumkodzo, ngakhale mumpweya. Ndipo akalowa mwa iwe amathamangira kuchithokomiro.

"Uyu ndi shehe wozinga mbuzi," anatero Patuma. "Sayang'ana kwina, pakhosi basi."

Ndinaseka, koma ndinamvetsa. Abambo anga ankalima thonje kwawo ku Balaka, ndipo mabotolo a mankhwala opopera anali ndi malamba kumunsi: wofiira, wachikasu, wabuluu, wobiriwira. Onse ndi poizoni, koma wa lamba wofiira abambo ankaupachika kudenga kumene ife ana sitingafike. Ndiye m'mutu mwanga ndinapenta zitseko zija. Chipinda cha ayodini chinakhala chachikasu, zipinda zobayira zinakhala zobiriwira.

Pomaliza Che Magalasi anatipatsa tizibaji tomata pachifuwa, tosunga cheza chonse chimene munthu wadutsamo, n'kuvula magalasi awo. Anati mkazi aliyense akangodziwa kuti ndi woyembekezera awauze tsiku lomwelo. Ayodini amadutsa kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo chithokomiro cha mwanayo n'chochepa kuposa njere ya mpunga. Mayi sangamve kanthu, koma mwana n'kudzabadwa wosakula bwino, mutu wosagwira.

"Akuti ukakhuta nyemba uzikawauza," anatero Patuma.

Panapita nyengo. Ndinaphunzira kuvala magolovesi awiriawiri, kukolopa kuyambira kunja kulowera m'kati, kumanga nsalu za wodwala m'thumba n'kulitsitsira kuchipinda chapansi kumene zinkadikira kuti mphamvu ithe. Kumudzi malata anayamba kukwera panyumba yathu. Ndinkatopa mpaka kugona nsapato zili kuphazi, komabe zinthu zinkayenda.

Kenako mwezi unadutsa osaona kumwezi, wina n'kutsatira.

Ndinali ndi malamulo awiri, limodzi la amayi, lina la Che Magalasi, ndipo sankagwirizana. Ndinaganiza zowaimbira amayi, koma iwo alibe foni. Ndinkaimba ya alamu anga, ndipo alamu angawo amakonda kukweza mawu a foni kuti bwalo lonse limve za ku Joni, mpaka ana ndi oyandikana nawo nyumba. Ndikanati chiyani pamenepo? Komanso amayi anati andione ndi maso, osati andimve. Ndinkadziwanso kuti kampani yathu ikamva za mimba sikuchotsa ntchito ndi pakamwa, imangosiya kukuitana.

Tsiku lina tikusintha zovala, Patuma anandiyang'ana ndikuthawa fungo la sopo wokolopera.

"Iwe Abiti, usandiuze kanthu. Sindinafunse ndipo sindinamve."

"Nanga ndanena chiyani ine, achemwali?"

"Palibe. Ndangotopa ndi zipinda zobayira, zimandinunkhira. Kuyambira lero zimenezo ndi zako. Cha shehe chija ndi chapansi ndi zanga."

"Kapitawo akafunsa?"

"Kapitawo amaona pansi ngati pakuwala. Sayang'ana kuti wawalitsa ndani."

Tinatero. Ine ndinkamuchapira, kumuluka tsitsi, kumusungira ndiwo. Iye ankalowa kuchikasu kawiri, ulendo wake ndi wanga, n'kumatuluka akunena kuti ana ake anabereka kale, shehe angomusiyira pomezera. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Ndikamadutsa pachitseko chija ndinkagwira mpweya, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda ntchito. Kabaji kaja ndinakatsitsa kuchoka pachifuwa kufika pamimba, mkati mwa epuloni, ngakhale ndinkadziwanso kuti sikatchinga kanthu, kamangosunga. Pa swala, mapemphero athu, ndinkasokoneza marakaa, osadziwa kuti ndawerama kangati. Ndinkadziuza kuti ndipirire miyezi ingapo, malata akwanire, ndipite kwathu amayi akandione, nkhani ithere pomwepo.

Patuma anagwidwa m'mawa wina akupita kukagula buledi. Apolisi anaimitsa anthu pamsewu n'kufunsa mapepala. Tinamva kwa mayi wina wogulitsa zipatso kuti amutengera kumalo kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Katani yake inangokhala chitsekere, poto wake ali pa sitovu.

Sabata yomweyo m'chipinda chachikasu munalowa gogo wina wodwala chithokomiro. Atameza kapisozi, pasanapite nthawi yaitali anasanza, pansi ndi pabedi pomwe. Anamwino anamusamutsira m'chipinda china chotchinga, ndipo kapitawo wathu anandipeza ndikukolopa kobayira.

"Siya izo. Akufuna munthu kuchipinda cha ayodini msanga."

"Kulibe wina, mayi?"

"Wina wake uti? Mnzako uja ali kuti?"

Ndinapita. Ndinapeza Che Magalasi ali pakhomo akuyala mapulasitiki pansi, kachipangizo kawo kakuthetheka ngakhale chitseko chinali chotseka. Sindinakamvepo kakulira choncho. Anandipatsa magolovesi, zovala kunsapato ndi chotchinga pakamwa. Anati iwo azitola zoipazo, ine ndiziwagwirira thumba n'kumakolopa pambuyo pawo. Kenako anafunsa funso limene ankafunsa mkazi aliyense pakhomo limenelo, mosayang'ana n'komwe, manja ali pa tepi.

"Palibe chimene ndiyenera kudziwa?"

Ndikanangoti palibe, tikanalowa. Ndinaona kuseri kwa nyumba ya amayi, nsalu zija ankazichapa mobisa pamene yoyamba inachoka. Inachoka nditalankhula. Kaya inachoka chifukwa cholankhulacho kaya ayi, ine sindidziwa mpaka lero, koma inachoka. Ndinaonanso atsikana a mawotchi aja, amene sindinawaonepo, atagwira zibwano. Ndinayesa njira yapakati: ndinaika dzanja pamimba n'kuwayang'ana, kuti aone okha ngati mmene amayi ananenera.

"M'mimba mukupweteka? Ukamwa mankhwala tikamaliza. Tiye."

Anagwira chitseko. Ndiye ndinanena ndi pakamwa panga, kwa mwamuna, mlendo, wosakhala ngakhale wa mtundu wathu, amayi anga asanandione.

Anasiya chitseko. Anandilanda magolovesi aja m'manja.

"Miyezi ingati?"

"Itatu, kapena kupitirira pang'ono."

"Walowamo kangati muno?"

"Chidziwireni sindinalowe. Ankalowa Patuma."

"Nanga usanadziwe?"

Ndinavomera kuti ndinkalowa. Anatseka maso nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwerengera kanthu. Ndinayesa andikalipira. Anangoti ndikakhale pa benchi ya kumapeto kwa khonde, ndisasunthe. Koma ine sindinathe kukhala. Ndinkapita, kubwerera, kupitanso, ndipo ulendo wina ndinasuzumira pa kagalasi ka pachitseko. Anali atagwada pansi ndi mawondo awo aja, dzanja limodzi litagwira bedi, lina likupukuta masanzi a gogo uja, thumba atalipanira ndi chigongono chifukwa panalibe woligwira.

Atatuluka n'kusamba anandiitana. Anandiyeza pakhosi ndi chipangizo china, n'kutenga kabaji kanga kuti akakatumize kowerenga. Atapeza kuti kanali pamimba anapukusa mutu. Anati yankho litenga masiku.

Madzulo ake ndinawauza a Jafali, chifukwa sizikanatheka kuti munthu wapadera adziwe iwo asakudziwa.

"Ndiye mmwenye wamva ine mwiniwake ndisanamve?"

"Amayi anati muone nokha. Maso muli nawo."

"Ine ndimayesa ndi buledi wa kunoyu."

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa nditawafotokozera za ayodini. Masiku odikira aja sitinkalankhulana zambiri. Ndikamva kenakake kakukoka m'munsi mwa mimba ndinkathamangira kuchimbudzi kukayang'ana. Ndinalibe mtendere mbali zonse: ngati si cheza ndiye pakamwa panga.

Yankho litabwera Che Magalasi anandikhazika pa benchi ija. Anati kabaji kasunga zochepa kwambiri, ndipo pakhosi panga sanapezepo kanthu. Anatinso masabata oyambirira, pamene ndinkalowa ndisakudziwa, chithokomiro cha mwana chimakhala chisanayambe kukoka ayodini.

"Sindingalumbire," anatero. "Koma ndikanakhala bambo ako ndikanagona tulo."

Analembera kampani yathu kuti indipatse mbali ina ya chipatala. Kampaniyo inavomera, kenako inasiya kundiitana. Ndinakwera basi yobwerera kwathu ndekha, a Jafali atatsala pa ntchito.

Kumudzi ndinapeza dimba langa akulima mng'ono wanga ndi mwamuna wake, nyumba yathu ili ndi malata mbali imodzi, mbali inayo mukugona mbuzi. Amayi anali atachepa thupi. Anandiona ndikutsika pa kabaza, maso awo anapita pamimba, n'kudikira mpaka anthu obwera kudzandilonjera atabalalika.

"Wauza ndani?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira magulu anayi aja mpaka pakhomo paja. Anamvetsera akusenda chinangwa, mpeni osaima.

"Ndiye nkhani yako yayenda m'kamwa mwa mmwenye, mwa kapitawo, mwa kampani, yawoloka mayiko atatu, ine ndikumva kumapeto."

"Ndikanalowa, amayi?"

"Ine ndati chiyani? Ndati ukanalowa?"

Sanandiyankhulenso bwino kwa masiku. Koma ankandilondalonda ngati nkhuku yofungatira. Ndikatenga ndowa ankandilanda, ndikayetsemula ankadzuka. Kunjaku nkhani inali itafala kuti ndinkagwira ntchito ya poizoni ku Joni, ndipo mwana adzabadwa wopanda zala. Amayi ena pamjigo ankatsuka mpini ndikachokapo. Ndinayesa kuwauza kuti poizoni ali ndi magulu, ngati wa thonje, ndipo ine ndinali kobiriwira. Anati poizoni ndi poizoni. Ndinasiya.

Patuma anabwera kudzandiona mimba itakula, atabwezedwa kwawo ku Nayuchi. Anali ataonda, tsitsi atameta, koma pakamwa pali pomwepo.

"Ndangochoka sabata imodzi, iwe n'kuyamba kuulula zinsinsi kwa amuna a eni."

Ndinalira, iye n'kumandinena kuti ndikunyowetsa nsalu yake yokhayo yabwino.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi. Amayi anamulandira kwa namwino n'kumufunyulula pomwepo. Anayang'ana zala, makutu, msana, kenako anamusisita pakhosi ndi chala chimodzi, pamalo pamene ndinawalozera tsiku lija. Anati Alhamdulillah chapansipansi n'kumufundikanso.

Titabwerera kunyumba, tsiku lina akumusambitsa, anafunsa osandiyang'ana.

"Mmwenye wako uja, utamuuza anatani?"

"Ndinakuuzani kale, amayi. Analowa yekha."

"Kukolopa masanzi a munthu wosamudziwa. Ndi mawondo oterowo."

"Eya."

"Ali ndi ana?"

"Sindinafunse."

"Unamuuza zako zonse osafunsa zake." Anamutembenuza mwana, n'kumuthira madzi kumsana. "Amene anamva poyamba ndi iye, osati ine. Wamusiya ndi theka la nkhani. Mpaka lero sakudziwa ngati zinatha bwino. Aone mwanayu."

Tinajambulitsa chithunzi ku Ulongwe n'kutumiza kwa a Jafali. Anapita nacho ku chipatala kuja, koma alonda a pageti anati mkuluyo anapuma pa ntchito, ndipo kumene amakhala sangauze munthu. Dzina lawo loyamba sitinkalidziwa. La makolo lokha ndilo tinkalidziwa, ndipo a Jafali akuti kumeneko m'basi iliyonse mumakhala anthu atatu a dzina limenelo.

Amayi sanavomere kuti zithere pamenepo. Aliyense wa kuno wonyamuka kupita ku Durban amapatsidwa chithunzi ndi malangizo: mmwenye wokalamba, wa magalasi, woyenda mokoka miyendo, ankagwira za cheza kuchipatala. Patuma akuti tikufunafuna theka la tauni. Ena amabwera n'kunena kuti anafunsa kumzikiti, ena kumsika, ena amaiwala chithunzicho m'chikwama n'kubwera nacho chopindika. Mmodzi anabwera ndi nambala ya foni, titaimba anayankha munthu wokonza magalimoto.

Mwana uja pano akuthamanga, akutukwana nkhuku m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Kusikelo akuti akukula bwino. Ine ndikamva basi ya ku Joni yaima pamsewu ndimasiya chimene ndikuchita, ngakhale ndikudziwa kuti palibe uthenga. Dzulo amayi anatenga chithunzi chimodzi chimene chinatsala, anachiyang'ana, n'kuyang'ana mwana ali pabwalo.

"Wasintha nkhope. Akalandira ichi ayesa ndi wina. Umusambitse Loweruka, mukajambulitse china. Mwana wa Che Saidi akunyamuka Lolemba kupita ku Durban."